Funsani Azakhali: golide wa diresi, golide wa mphete ndi zachikasu zina

Mwezi uno mafunso ambiri agwera mbali imodzi ngati munachita kupangana, za chikasu ndi golide zokhazokha, kaya ndi chifukwa choti nyengo ya maukwati yafika kaya bwanji. Ena ndawadula pang'ono poti anatalika. Amene munafunsa za apongozi ndi za ngongole za banki m'khonde dikirani mwezi wamawa, sindinakuiwaleni.

FUNSO: Azakhali, ine ndi wapampando wa komiti ya zovala pa ukwati wa mng'ono wanga. Tinagwirizana pa gulu la WhatsApp kuti mtundu wathu ndi golide ndipo aliyense akagule yekha nsalu mamita atatu. Loweruka takumana kwa telala, mayo ine, nsalu iliyonse ndi mtundu wakewake, ina yowala kwambiri, ina yotuwa, ina yopita kubulauni, ndipo aliyense akuti yake ndiye golide weniweni. Ukwati watsala masabata asanu. Titani? Mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Pepani mayi, koma pagulu lanulo palibe wanama ndipo palibe woti mumukalipire. Zinasokonekera tsiku lomwe munalemba liwu limodzi pa gulu nkumati basi tamvana. M'masitolo a nsalu muno mtauni ya Mzuzu, olo ku Taifa Market kuja, mukangoti ndikufuna golide wogulitsa amakutsitsirani chilichonse kuyambira chachikasu chowala mpaka chotuwa, ndipo sakulakwa, iye akufuna agulitse. Pali chikasu cha ndimu, chowala chopita kobiriwira. Pali cha mpendadzuwa, chokhwima bwino. Pali chija amati mustard, chachikasu ndithu koma chozimirira pang'ono, ichi ndiye chimakhala bwino pa khungu lathu lakudali ndipo ine mukandifunsa ndimasankha chimenechi. Pali cha uchi chopita kofiira, ndiye pali champagne wotuwa uja amene atsikana a masiku ano akumufera, amene kunena zoona pa zithunzi amaoneka ngati diresi loyera lochapidwa ndi madzi a pachitsime.

Chinanso, chimene chimapangitsa diso kunena kuti uyu ndi golide si mtundu wokha ayi, ndi kunyezimira. Tengani utoto umodzi womwewo muike pa satini ndi pa nsalu ya thonje, satiniyo iziwala m'mapindiro nkumada m'makwinya ndipo aliyense anena kuti golide, ya thonjeyo anthu angoti yelo basi. Ndiye kutumizirana chithunzi pa foni ndi kumene kunakumalizani, kamera imadzikonzera yokha mitundu malinga ndi kuwala kwa pamalopo, kenako foni iliyonse imaonetsa mwa njira yake, wa Itel aona zake wa Samsung aona zake. Babu la m'sitolo nalonso limanamiza, loyera lija limatuwitsa nsalu, lachikasu limaikometsa. Ngakhale nsalu ya dzina limodzi ya fakitale imodzi, mipukutu iwiri yonyikidwa masiku osiyana imasiyana pang'ono, mumadzaziona anthu awiri akaima moyandikana.

Masabata asanu ndi okwanira. Ngati ndalama zilipo sonkhani, mutume anthu awiri okha, asankhe nsalu atatuluka nayo panja pa sitolo masana, ndipo mamita onse adulidwe pa mpukutu umodzi tsiku lomwelo. Nsalu zomwe munagula kale zisatayidwe, zikhale za ku bridal shower kapena maduku. Ngati ndalama palibe, musalimbane, telala asoke sitayilo imodzi ndipo operekeza muwaimike mwadongosolo kuyambira wotuwa kukathera wokhwima, anthu aziyesa munachita dala. Mudule tizidutswa ta nsaluyo mupatse wa keke, wokongoletsa holo ndi wogula mataye a anyamata, aliyense agwire m'manja osati pa foni.

Ndipo poti tili pa Malawi ndinene ichi. Chikasu chowala kwambiri chija kuyambira chisankho cha 1994 anthu amachiwerenga kuti ndi cha UDF ya a Bakili Muluzi, monganso olenji amamuwerengera ku PP ya mayi Joyce Banda. Amayi khumi ndi awiri mu yelo wowala akuvina pa msewu wa ku Katoto, wina adzafunsa kuti msonkhano uli kuti. Nchifukwa chinanso ndikuti pitani ku mustard kapena ku uchi.

FUNSO: Azakhali, ndinagula mphete ya chinkhoswe kwa mnyamata wina woyenda nazo m'manja, anati ndi golide wa ku Joni ndipo mkati munalembedwa 18K. Patha miyezi iwiri chala cha bwenzi langa chayamba kubiriwira ndipo akuti ndinamupusitsa. Kodi golide amatero? Mnyamata wa ku Luwinga.

YANKHO: Mwana wanga, wapusitsidwa ndiwe, iye wangolandira zotsatira. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Golide weniweni sachita dzimbiri ndipo sasintha ndi thukuta, chobiriwiracho ndi mkuwa umene ukudyana ndi thukuta, sopo ndi mafuta odzola. Mphete yakoyo mwachidziwikire ndi brass, kutanthauza mkuwa wosakaniza ndi zinki, nkuikuta pamwamba ndi kagolide kopyapyala kamene katha ndi kuchapa mbale. Kulemba 18K mkati sikovuta, chidindo aliyense angagule.

Ndikufotokozere manambalawo kuti ulendo wina usadzagwenso. Golide wosasakaniza ndi 24K, ndipo mtundu wake ndi wachikasu chokhwima chopita ku olenji, ambiri mutamuona mukhoza kunena kuti ndi feki chifukwa munazolowera wotuwa. Koma ndi wofewa kwambiri, amapindika, ndiye opanga mphete amamusakaniza ndi siliva ndi mkuwa kuti alimbe. 22K amadinda 916, 18K amadinda 750 kutanthauza kuti pa magawo 1000 aliwonse 750 ndi golide, 14K ndi 585, ndipo 9K amene amapezeka kwambiri m'masitolo a ku South Africa ndi 375, golide wosakwana theka. Nambala ikamatsika mtundu umanka nutuwa. Akachulukitsa mkuwa amatuluka wofiirira uja amati rose gold, akasakaniza ndi zitsulo zoyera amatuluka white gold, onsewo ndi golide ndithu. Ukaona zilembo GP pafupi ndi nambala, ndiye kuti opangawo akukuuza okha kuti angokuta pamwamba.

Zoyesera pakhomo zilipo koma ndi zongothandizira. Maginito akaikoka ndiye kuti si golide, koma akapanda kuikoka usasangalale msanga poti brass nayenso sakokedwa. Kulemera ndiye kumanena zambiri, golide amalemera kuposa madzi ka 19, brass ka 8 ndi theka basi, ndiye mphete ziwiri zofanana kukula ukaziika m'manja ya golide wabwino imamveka kuti muli kanthu. Yang'ananso mkati ndi m'mphepete momwe imakhuzana ndi chala, ngati pakuoneka mtundu wina pansi nkhani yatha. Choona chenicheni amakuuza ndi osula mphete amene amayesa ndi asidi kapena makina. Ndipo mtengo umene unalipira unali kale umboni, palibe munthu angakugulitse golide pa mtengo wa thumba la makala.

Pakali pano apake kyutekisi wosaoneka mtundu mkati mwa mpheteyo, chala chisiya kubiriwira kwa kanthawi. Koma umuuze zoona mtsikanayo, musonyeze yankho lino ngati ukuopa. Mphete ya siliva yeniyeni yodindidwa 925 yogula m'sitolo yokupatsa lisiti ndi yabwino kuposa golide wa m'thumba la jekete.

FUNSO: Ana anga atola timiyala tonyezimira ngati golide mumtsinje kumunsi kwa dimba langa, ndipo mumchenga mukuwala tinthu tachikasu. Ndauza mkazi wanga yekha. Ndipite nato kuti? Bambo wa ku Ekwendeni.

YANKHO: Bambo, musanayambe kuwerengera malata, tengani hamala. Menyani kamwala kamodzi pa mwala wina wolimba. Golide amaphwatalala osasweka, koma kakaphwanyika nkukhala ufa wakuda ndiye kuti ndi pyrite, mwala wa chitsulo ndi sulufule umene wapusitsa anthu ambiri padziko lonse. Mukhozanso kukakhutiza kumbuyo kwa thailosi kosasalala kuja, golide amasiya mzere wachikasu, pyrite amasiya wakuda wobiriwirako. Tinthu towala mumchengato kawirikawiri ndi mica, timakhala topyapyala, timayandama ndi kuvina m'madzi mukatakasa, ndipo timangowala mukatiyang'anira mbali imodzi. Golide savina, amathamangira pansi pa beseni nkukhala phee, ndipo mtundu wake susintha olo mumuike pa mthunzi.

Sindikunena kuti golide kulibe m'dziko muno, aliko, anthu akusefa m'mitsinje ya ku Mangochi, Balaka, Nkhotakota ndi madera ena, ndipo kuyambira 2021 Reserve Bank inayamba kugula kwa okumba ang'onoang'ono. Ngati kanu kaphwatalala pitani nako ku ofesi ya boma yoona za migodi akakuuzeni za chiphaso, osati kwa mavenda obwera usiku. Ndipo wina akabwera ndi mercury kuti akuthandizeni kusefa mukaneni, ndi poizoni, amalowa m'madzi omwe mukuthirira dimbalo.

FUNSO: Azakhali, alangizi akutilimbikitsa kudzala chimanga cha olenji koma amuna anga akukaniratu, akuti nsima yachikasu ndi ya njala ndi ya nkhuku. Kodi ndi chimodzimodzi ndi chija tinkalandira? Komanso nchifukwa chani mazira ogula pakati pake pamakhala potuwa pomwe a nkhuku zachikuda pamakhala pachikasu kwambiri? Mayi wa ku Dunduzu.

YANKHO: Abambowo ndikuwamvetsa. Amene anadutsa njala ya 2002 ndi zina za m'mbuyo amakumbuka chimanga chachikasu chathandizo chochokera kunja, chimene chimafika chitakhalitsa m'sitima ndi m'nkhokwe, ndi kafungo kake, ndiye mtunduwo unakhala wa manyazi. Koma chikasu chija ndi olenji uyu ndi zosiyana. Zonse ziwiri mtundu wake umachokera ku timichere totchedwa carotenoids, koma m'chachikasu wamba muli tambiri tomwe thupi silisandutsa vitamini A, pomwe cha olenji anachisankha dala kuti chikhale ndi beta-carotene wochuluka, yemwe thupi limamusandutsa vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha ana. Ndi yemweyo ali m'kaloti, m'maungu, m'mapapaya, m'mango akupsa ndi m'mafuta ofiira a mawese a ku Karonga. Si chimanga cha GMO, ndi chongokwatitsa mbewu monga amachitira ndi haibulidi wina aliyense, ndipo muwauze abambowo kuti a ku Dedza akhala ndi chawo chamakolo cha olenji chotchedwa mthikinya. Pa mbewu za m'sitolo funsani zomwe dzina lake limathera ndi A monga MH43A, kapena mukafunse ku malo ofufuzira za ulimi a Lunyangwa konkuno.

Musawakakamize kusiya ufa woyera, pamenepo mudzagonja. Dzalani mizere ingapo, muyambe ndi chowotcha ndi phala la ana, poti chimatsekemera pang'ono, nsima ibwere pambuyo. Chinthu chimodzi muchidziwe, michere imeneyi imathawa ndi dzuwa komanso kukhalitsa, ndiye chizikhala choyamba kudyedwa mukakolola, muzigaitsa pang'onopang'ono ndipo ufa wake musamauyanike pa mkeka tsiku lonse. Mbatata zofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika zimagwira ntchito yomweyo ndipo pa izi sindinamvepo bambo akudandaula.

Za mazira nzosavuta, nkhuku imaika m'dzira zomwe yadya. Yachikuda imatola masamba, udzu ndi tizilombo, ya m'khola yodya chakudya cha chimanga choyera imaikira lotuwa. Mukaipatsa chimanga chachikasu kapena masamba, pakatha sabata ndi kanthu muona kusintha. Koma dzira lotuwalo musalinyoze, zomanga thupi zilimo chimodzimodzi.

FUNSO: Mwana wanga wa masiku anayi maso ake akuoneka achikasu. Agogo ake akuti ndimuike padzuwa m'mawa zitha zokha. Mtsikana wa ku Zolozolo.

YANKHO: Uyu ndinamuyankha tsiku lomwelo pa foni, ndikuika pano kaamba ka ena. Pitani naye kuchipatala lero, osati mawa. Ana ambiri obadwa kumene amachita chikasu chochepa chifukwa chiwindi chawo sichinayambe kuchotsa bwino bilirubin, utoto wachikasu wa m'magazi, ndipo kwa ambiri chimathadi, koma diso la agogo silingayeze kuti chafika pati, ndipo chikakwera kwambiri chimaononga ubongo. Kuchipatala amayeza ndipo pakafunika amamugoneka pa magetsi apadera a buluu. Chikayamba tsiku loyamba lobadwa, chikafika m'manja ndi kumapazi, mwana akamakana bere kapena kungogona osadzuka, thamangani. Pitirizani kuyamwitsa pafupipafupi. Wamkulunso maso akachita chikasu ndi mkodzo woderapo ndi nkhani ya kuchipatala, itha kukhala ya chiwindi kapena malungo. Chosaopsa nchija cha nyengo ya mango, mwana wadya mango ndi mapapaya ambiri zikhatho zachita chikasu koma maso ali oyera mbee, chimenecho chimatha chokha.

FUNSO: Ndimagula uchi kwa anthu awiri. Wa mmodzi ndi wowala wachikasu, wa winayo ndi wakuda. Wowalawo mwezi wa June unauma m'botolo nkukhala ngati shuga. Ndiye kuti anathiramo shuga eti? Bambo wa ku Katawa.

YANKHO: Ayi achimwene, musamunamizire. Uchi weniweni umauma ndithu, makamaka ndi kuzizira kwa Mzuzu kwa June ndi July, chifukwa shuga wachilengedwe wa mtundu wa glucose amene ali momwemo amagwirana nkukhala timibulu. Uchi wa maluwa ena monga mpendadzuwa umauma msanga, wina umatha chaka uli wamadzi. Ikani botolo m'madzi ofunda, osati owira, usungunuka.

Mtundu nawo umatengera maluwa omwe njuchi zinapitako ndi nyengo yofulira. Mng'oma womwewo utha kukupatsani wowala ulendo uno, woderapo ulendo winawo. Wa m'nkhalango zachilengedwe nthawi zambiri umakhala woderapo ndi kakomedwe kamphamvu, ena amati ukuwawira kukhosi, ndipo ine ndi umene ndimafuna pa phala. Koma pali kuda kwina kosachokera ku maluwa, kwa munthu amene anafula ndi utsi wambiri, kufinya zisa zakale pamodzi ndi ana a njuchi, kapena kuuphika pamoto kuti usefeke msanga. Umenewo mumaumva fungo la utsi kapena la kupserera. Ndipo ukamachita thovu, chitsekerero nkumafufuma, kununkha ngati mowa, ndiye kuti unafulidwa usanakhwime kapena anathiramo madzi, uchi wabwino madzi ake sapitirira magawo 20 pa 100 aliwonse.

Zoyesa za machesi ndi zoti nyerere sizipita pa uchi weniweni zisiyeni, nyerere zimapita. Gulani kwa mlimi yemwe mukumudziwa kapena botolo lokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Ndipo mwana wosakwana chaka asalawe uchi wa mtundu uliwonse.

FUNSO: Ndinathira chikasu mumpunga ndipo chinadonthera pa bulauzi yoyera ya kumvano. Nditapaka sopo banga linasanduka lofiira, ndinachita mantha. Komanso mwana wanga wa sukulu akufuna kunyika nsalu ndi chikasu chomwecho, zingatheke? Mayi wa ku Chiputula.

YANKHO: Palibe chamatsenga mayi. Utoto wa mu chikasu, curcumin, ukakumana ndi sopo kapena soda umafiira, mukadonthezera ndimu kapena viniga umabwerera ku chikasu. Mankhwala ake ndi dzuwa. Chapani bulauziyo ndi madzi ozizira, muyanike banga litayang'ana dzuwa, mwina kawiri katatu poti dzuwa la kuno limachita kupempha, lizimirira lokha. Musaisite banga lisanachoke.

Apa mwayankhidwanso funso lachiwiri, chikasu chimagwira nsalu msanga ndipo chimakongola tsiku loyamba koma sichikhalitsa, chomwe chikuchotsa banga pa bulauzi chidzachotsanso utoto pa nsalu ya mwanayo. Ngati nza kusukulu zongoonetsa aphunzitsi, anyike. Ngati akufuna chokhalitsako atole makoko ouma a anyezi, ofiirira akunja aja amene amangotayidwa mumsika, adzaze poto, awiritse pafupifupi ola, asefe, anyike nsalu yonyowa kale. Umatuluka mtundu wa golide wozama bwino kuposa wa chikasu. Nsalu ikhale ya thonje, poliyesitala sagwira. Akaiviika kaye m'madzi a alamu (mankhwala oyera ngati mchere, pa Chingerezi alum) utoto umawala ndi kugwira bwino, ndipo asagwiritse poto wadzimbiri, chitsulo chimautembenuza kukhala wobiriwira wakuda. Wina anandifunsanso ngati chikasu ndi saffron nchimodzi, ayi, saffron ndi timaulusi ta duwa, ambiri amalimidwa ku Iran, ndipo pamafunika maluwa pafupifupi 150 kuti mupeze galamu imodzi. Wotchipa wa m'kapaketi wolembedwa dzinalo ndi chikasu chomwechi kapena utoto wa zakudya.

FUNSO: Ndikumaliza nyumba ndipo ndikufuna penti wachikasu kunja, koma za anzanga zimatuwa chaka chimodzi. Komanso siling'i ya paini ndikufuna ikhale yoyera mmene ilili, kalipentala akuti sizitheka. Bambo wa ku Mchengautuwa.

YANKHO: Wowala wa ndimu uja ndi amene amatuwa msanga. Sankhani wozimirira wopita ku dothi, amene amati ochre, poti utoto wake ndi wa dothi lachitsulo ndipo dzuwa siliutha, ndi mtundu womwe amayi akumudzi amapeza akamakumba dothi lozirira nyumba. Umabisanso fumbi. Ndi mvula ya kuno, pansi pa khoma pakani lamba wa penti woderapo wofika m'bondo poti matope ofiira amathovukira pamenepo, ndipo pulasitala watsopano mumupatse mwezi aume. Musagule mabaketi onse kaye, gulani kachitini mupake mita imodzi mbali ya kum'mawa ndi ina ya kumadzulo, muone m'mawa ndi madzulo, pakhoma penti amaoneka wowala kuposa pa kapepala ka m'sitolo.

Kalipentalayo akunena zoona. Paini wa ku Chikangawa amachoka pa makina ali wotuwa, koma kuwala kukamamufika amanka nachita chikasu mpaka kufika ku uchi, ndipo vanishi wamafuta amaonjezera chikasu chake chaka ndi chaka. Vanishi wosungunula ndi madzi amachedwetsa koma saletsa. Ine ndikanangomusiya, paini wokalamba amakongola. Chofunika kuyang'ana ndi choti matabwawo ndi ouma, aawisi amachita mawanga abuluu ndipo amapindika ali kale kudenga.

FUNSO: Ndili fomu 2. Nchifukwa chani atchete amakhala achikasu kwambiri nthawi ya dzinja koma chilimwe sitiwaona? Mnyamata wa ku Chibanja.

YANKHO: Umawaona mwana wanga, kungoti suwazindikira. Achikasu chowala aja, ambiri okhala ndi nkhope yakuda, ndi amuna atavala za ukwati. Nyengo yoswana ikafika amasintha nthenga, amaluka zisa zolendewera ndipo amalendewera pansi pa chisa nkumakupiza mapiko kuitana wamkazi kuti adzayendere, akachikana amamanga china. Nyengoyo ikatha amathothoka nkumera nthenga zotuwa zofanana ndi za akazi, ndiye iwe umangoti mpheta. Chikasucho sapanga okha m'thupi, amachitenga ku zakudya, ma carotenoids omwe ndatchula pa chimanga aja.

Poti umakonda zachilengedwe, m'nyanja yathuyi kumpoto kwa Nkhata Bay, pamalo otchedwa Lion's Cove, muli kambuna kachikasu chowala kokhala ndi mzere wakuda pa chipsepse cha pamsana, dzina lake la sayansi ndi Labidochromis caeruleus. Kamawetedwa m'magalasi a nsomba ku Ulaya ndi ku America konse, anthu ambiri kumeneko amakadziwa kuposa ife eni nyanja. Ndipo maluwa achikasu a deliya amene amadzadza m'mbali mwa misewu mvula ikamatha kwawo ndi ku Mexico, alimi ena amadula masamba ake nkukwirira m'munda ngati manyowa.

FUNSO: Chaka chino ndayamba fodya wa fulu, kale ndinkalima bale. Balani yoyamba watuluka wobiriwira, yachiwiri wabulauni. Anzanga amatulutsa wachikasu bwanji? Mlimi wa ku Mpherembe.

YANKHO: Bambo, yoyamba munafulumira, yachiwiri munachedwa kapena munadzadzitsa. Bale amauma yekha ndi mphepo m'chigafa nkukhala wabulauni, ndi chikhalidwe chake, koma fulu mtundu mumaupanga inu ndi moto. Masiku awiri oyamba simukuumitsa ayi, tsamba likadali lamoyo, moto ukhale wochepa, madigiri 35 mpaka 40, mazenera pafupifupi otseka kuti chinyezi chikhalemo, kubiriwira kuzichoka chikasu chomwe chinabisika pansi chizituluka ndipo sitalichi azisanduka shuga. Mukakweza moto nthawi imeneyi isanathe mwapha tsamba likadali lobiriwira ndipo silidzasinthanso. Likachita chikasu mumatsegula mazenera nkumakweza moto pang'onopang'ono kuti mtunduwo ugwire, mukachedwa apa kapena mukakweza mwadzidzidzi tsamba likadali ndi madzi ambiri limada nkukhala labulauni. Pomaliza ndi pomwe mumafika cha m'ma 70 kuumitsa mitsempha ya pakati pa masamba, zonse pamodzi pafupifupi sabata.

Gulani themometa, musamayeze ndi dzanja. Thyolani masamba okhwima mofanana, osasakaniza apansi ndi apamwamba m'balani imodzi. Ndipo posankha musayembekezere mtundu umodzi, ku okushoni amasiyanitsa lemoni wowala, olenji ndi mahogani woderapo, apansi amakonda kutuluka lemoni, apamwamba olenji ndi mahogani, ndipo feteleza wa nayitirojeni akachuluka fodya amadera. Belo lililonse likhale la mtundu umodzi, losakaniza amaligula pa mtengo wa tsamba loipitsitsa lomwe alipezamo kapena kulibweza kumene. Balani yachitatu muitane mnzanu mmodzi wa aja agone nanu pamoto usiku woyamba ndi wachiwiri.